Kodi Nthaka Ndi Dzala?

Mudzi uliwonse uli ndi dzala lake. Kumeneko n'kumene amayi amakataya phulusa la pamoto, makoko a nthochi, zitsononkho za chimanga ndi zinyalala zonse zimene tsache lasonkhanitsa pabwalo. Dzala silipatsidwa ulemu, koma mlimi aliyense amadziwa kuti dzungu lomera padzala lakale limabereka kuposa la kumunda, ndipo nthochi yobzalidwa pankhuti sichedwa kugwetsa mkoko. Zimenezi zidaphunzitsa makolo kuti chinthu chotayidwa chimaola, chimasanduka dothi, kenaka n'kubwereranso m'mbale chili ndiwo. Kwa zaka zosawerengeka nthaka idakhala ikulandira zonse zimene munthu adathana nazo, ndipo sidavutike nazo pakuti inkatha kuzigaya.

Botolo lidafika m'mudzi ngati mlendo wosadziwa mwambo wa padzala. Chiswe sichilidya, dzimbiri sililigwira, ndipo mvula ya zaka makumi asanu imangolitsuka. Likasweka, zidutswa zake zimagona m'dothi mpaka tsiku limene zidzakumane ndi phazi la mwana kapena chala cha mayi wofukula mbatata. N'chifukwa chake mlimi wosamala akapeza chidutswa cha botolo mumzere amachitola n'kukachiponya kutali ndi munda. Komatu masiku ano m'maiko angapo muli anthu ophunzira amene akupera mabotolo mwadala, n'kumasakaniza ufa kapena mchenga wake ndi dothi lobzalamo mbewu, ndipo akunena kuti mbewuzo zikukula bwino. Pamenepa pakubuka funso limene sayansi payokha singaliyankhe. Kodi munthu amene akuthira galasi m'munda akusamalira nthaka, kapena wangopeza dzala latsopano lobisamo zinyalala zimene zamukanika?

Funsoli silingayankhidwe mwachilungamo munthu asanadziwe kuti galasi n'chiyani. Galasi la mabotolo limapangidwa ndi zinthu zitatu zochokera pansi: mchenga woyera, soda ndi miyala ya laimu. Zitatuzi zimasungunulidwa pamodzi m'ng'anjo yotentha pafupifupi madigiri 1,500, ndipo pa magawo khumi aliwonse a galasi lotulukamo, asanu ndi awiri amakhala ochokera kumchenga uja. Luso limeneli ndi lakale kwambiri. Anthu a ku Egypt ndi ku Mesopotamia ankapanga kale timitsuko ta galasi zaka pafupifupi 3,500 zapitazo, ndipo tina mwa timitsukoto tikuonekabe m'nyumba zosungiramo zinthu zakale. Amisiri akale ambiri ankapeza mchere wosungunulira mchengawo m'phulusa la zomera, monga momwe amayi amachezera chidulo chophikira therere. Motero amene amanena kuti galasi loperedwa likungobwerera kwao sakunama kwenikweni, pakuti mchenga ndiwo mayi wake.

Pali njira ziwiri zimene galasi likufikira m'nthaka. Njira yoyamba ndi yolipera m'makina mpaka litakhala ngati mchenga wamiyalamiyala, ndipo makinawo amalipukusa kufikira nsonga zake zitabuntha kotero kuti munthu akhoza kulifumbata osachekeka. Njira yachiwiri ndi yolipera kukhala ufa wosalala, kuusakaniza ndi laimu kapena zigoba za nkhono zosinja, ndi kuuwotcha pa madigiri apakati pa 800 ndi 900. Pa kutentha kotere laimuyo amatulutsa mpweya umene umafufumitsa galasi lofewalo monga mtanda wa mandasi, ndipo likazizira limasanduka timiyala topepuka todzaza ndi timabowo ngati chinkhupule. Timabowoto timasunga madzi ndi mpweya pafupi ndi mizu, zinthu ziwiri zimene mbewu imazifuna pa nthawi imodzi.

Njira yachiwiriyi idakula ku Tottori, chigawo cha ku Japan chodziwika ndi mapiri ake a mchenga, kumenenso yunivesite ili ndi likulu lofufuza za ulimi wa m'madera ouma. Kampani ya kumeneko yotchedwa Tottori Resource Recycling imapanga timiyala totere kuchokera ku mabotolo otayidwa, ndipo idatipatsa dzina lakuti Porous Alpha. Mothandizidwa ndi bungwe la JICA, kuyambira m'chaka cha 2015 timiyalati tidayesedwa m'minda ya tomato m'chigawo cha Souss-Massa ku Morocco, kufupi ndi mzinda wa Agadir, kumene madzi a pansi pa nthaka akhala akuchepa chifukwa cha ulimi wothirira. Kampaniyo idalengeza kuti madzi othirira adachepetsedwa ndi theka koma zokolola zidachuluka. Mawu a wogulitsa ayenera kumvedwa ndi khutu lochenjera, komabe m'dziko limene madzi ndi osowa nkhani yotere siyenera kunyozedwa.

Njira yoyamba ija idayesedwa ku University of Texas Rio Grande Valley, kumwera kwa dziko la United States. Julie Vanegas, Teresa Patricia Feria Arroyo ndi wophunzira wawo Andrea Quezada adabzala mitundu iwiri ya tsabola ndi masamba onunkhira otchedwa cilantro m'miphika yokhala ndi dothi losakanizidwa ndi mchenga wa galasi pa miyeso yosiyanasiyana. Pa msonkhano wa American Chemical Society umene udachitikira ku Denver mu Ogasiti 2024, iwo adafotokoza kuti mbewu za m'miphika yokhala ndi galasi zinkakula msanga, pamene m'miphika ya dothi lokhalokha mudagwa chuku chimene chidapinimbiritsa mbewu. Iwo eni adanena poyera kuti zimenezi zinali zotsatira zoyambirira chabe. Mbewuzo zinali m'miphika, ndipo mphika umasiyana ndi munda pa chinthu chimodzi chachikulu: mphika ukalakwika umakhuthulidwa.

Amene amavomereza ntchitoyi ali ndi zifukwa zomveka. Choyamba, galasi lotayidwa ndi lochuluka. M'chaka cha 2018 chokha dziko la United States lidakwirira m'madzala ake matani pafupifupi 7 miliyoni a galasi. Chachiwiri, mchenga wachilengedwe ukutha m'malo ambiri. Bungwe la United Nations loona za chilengedwe lidanena mu 2022 kuti anthu amakumba matani pafupifupi 50 biliyoni a mchenga ndi miyala chaka chilichonse, ndipo aliyense amene adaona magombe a mtsinje wa Lilongwe atagumuka ndi mafosholo a okumba mchenga amadziwa tanthauzo la chiwerengero chimenechi. Thumba lililonse la mchenga wa galasi limene lalowa m'malo mwa mchenga wa kumtsinje lapulumutsa kagawo ka gombe. Ku New Orleans, ophunzira a pa Tulane University adayambitsa mu 2020 bungwe la Glass Half Full, limene limapera mabotolo n'kugwiritsa ntchito mchengawo pobwezeretsa madambo a m'mbali mwa nyanja ku Louisiana, dera limene lataya mtunda wa masikweya kilomita pafupifupi 5,000 chiyambire zaka za m'ma 1930. Chachitatu, chinthu chilichonse chothandiza nthaka kusunga chinyezi ndi chamtengo wapatali m'nyengo zino pamene mvula ikudula kawirikawiri chimanga chisanamasule ngayaye.

Zifukwa zimenezi n'zoona, koma ziwiri zoyambirira zikunena za phindu la mzinda ndi la mtsinje, ndipo chachitatu chokha ndicho chikunena za phindu la munda. Apa ndipo pagona nkhani. Anthu awiri akhoza kunyamula matumba ofanana a mchenga wa galasi kupita nawo kudimba, n'kuuthira ndi makasu ofanana, koma ntchito zawo n'kukhala zosiyana. Woyamba adayamba wayang'ana dothi lake, adaona kuti madzi amadikha ndipo mizu imaola, kenaka adafunafuna chimene chingalimasule. Wachiwiri adayamba wayang'ana mulu wa mabotolo kuseri kwa malo ake ogulitsira zakumwa, ndipo adafunafuna poti aubise. Woyambayo akaona kuti dothi lakhuta adzaleka kuthira. Wachiwiriyo sadzaleka, chifukwa mabotolo akubwerabe tsiku ndi tsiku, ndipo muyeso wake ndi kukula kwa mulu, pamene dothi iye sakulifunsa kanthu.

Mbiri ikusonyeza kuti mtima wa munthu wachiwiriyu si nthano. M'chaka cha 1986 sitima ya pamadzi yotchedwa Khian Sea idanyamuka ku Philadelphia itasenza matani pafupifupi 14,000 a phulusa lochokera kumalo otenthera zinyalala za mumzindawo. Maiko angapo adaikana. Kumayambiriro kwa 1988 sitimayo idakhuthula matani pafupifupi 4,000 pagombe la kufupi ndi Gonaïves m'dziko losauka la Haiti, ndipo pamapepala phulusalo lidatchedwa feteleza. Boma la Haiti litazindikira choona lidalamula kuti phulusalo lichotsedwe, koma sitimayo idachoka osalitenga, ndipo mulu uja udakhala pamenepo zaka zoposa khumi. Nkhani zotere ndizo zidafulumizitsa pangano la ku Basel la 1989, ndiponso la ku Bamako la 1991 limene maiko a mu Africa adagwirizana zoletsa kulowetsa zinyalala zoopsa m'maiko awo. Galasi la mabotolo si phulusa la Khian Sea, koma phunziro lake likugwirabe ntchito: mawu akuti “chokonzera nthaka” ndi chovala chimene zinyalala zingathe kuvala kuti zilandiridwe ndi manja awiri. Akuluakulu adati chikomekome cha mkuyu m'kati muli nyerere.

Komabe mtima wabwino pawokha sukwanira. Gogo amene amwetsa mdzukulu wake mankhwala olakwika amachita zimenezo mwachikondi, koma chikondicho sichichotsa ululu m'mankhwalamo. Munthu wofunira nthaka zabwino ali ndi udindo wodziwa chimene galasi lingachite ndi chimene silingachite. Galasi si chakudya cha mbewu. Mulibe nayitrojeni amene amabiriwitsa masamba a chimanga, ndipo nyongolotsi ndi tizilombo tina timene timaoletsa zinyalala sitipezamo chodya. Ntchito yake ndi yongosintha kaimidwe ka dothi, kutsegula njira za madzi ndi mpweya. Mlimi amene angasiye manyowa, mapesi ndi mbewu za mtundu wa nyemba poganiza kuti galasi lalowa m'malo mwake adzakhala ngati munthu amene wakulitsa mazenera a nyumba koma nkhokwe ili mbee. Ngakhale pa ntchito yomasula dothiyo muyeso ndi wofunika, pakuti mchenga wochepa wothiridwa m'makande umangotsekera timipata timene tidalipo, ndipo dothilo likhoza kulimba kuposa kale.

Palinso nkhani ya soda uja adalowa m'ng'anjo pachiyambi. Botolo lathunthu limamugwira zolimba, koma galasi likaperedwa madzi amayamba kumusungunula pang'onopang'ono, ndipo ufa wosalala kwambiri umatulutsa soda wochuluka kuposa mchenga wamiyalamiyala. M'dothi la asidi zimenezi sizingaoneke msanga. Koma m'dothi limene lili kale ndi mchere wambiri, monga la m'madera ena a m'chigwa cha Shire, kuwonjezera soda kuli ngati kuthira chidulo m'ndiwo zimene zafewa kale. Chimene chathandiza tomato wa ku Agadir kapena tsabola wa ku Texas sichingalandiridwe ndi nthaka iliyonse mofanana, ndipo munthu woona mtima sangalonjeze zimenezo asanayese.

Choopsa kwambiri n'chakuti magalasi onse amaoneka ngati pachibale pomwe sali choncho. Galasi la wailesi zakanema zakale zija za chimsana ndi la matambula ena onyezimira okwera mtengo lili ndi mtovu wambiri, ndipo mtovu ukalowa m'thupi la mwana umawononga ubongo mosabwezeka. Mababu aatali a magetsi ali ndi mercury, amenenso ndi poizoni. Mabotolo amene adasungiramo mankhwala ophera tizilombo amakhala ndi zotsalira zake. Zonsezi zikaperedwa pamodzi ndi mabotolo a zakumwa, mchenga wotulukawo umanyezimira chimodzimodzi, ndipo palibe diso limene lingasiyanitse wabwino ndi woipa. Wogula amangodalira chikumbumtima cha munthu amene adaima pamulu wa zinyalala n'kumasankha. Ngati wosankhayo adatopa, kapena bwana wake adamuuza kuti afulumire chifukwa matumba akudikira, bodzalo lidzaululika patapita zaka, m'magazi a ana amene sadalipo pa tsiku losankhalo. Naye wogwira ntchito pamakina operawo ali ndi mapapo, ndipo fumbi la galasi limafuna chotseka pamphuno ndi madzi olikhazika pansi. Munda wobiriwira chifukwa cha chifuwa cha wantchito sungatchedwe chitukuko.

Mfundo yolemera kuposa zonsezi ndi yakuti chothiridwa m'nthaka sichiwoleka. Mlimi akathira manyowa ochuluka, nyengo ziwiri kapena zitatu zimakonza cholakwacho. Akabzala mbewu yosayenera, chaka chamawa amabzala ina. Koma mchenga wa galasi ukasakanikirana ndi dothi, palibe sefa kapena lichero limene lingaupete, ndipo popeza galasi silivunda udzakhalamo pamene wothirayo, ana ake ndi adzukulu ake adzakhale atagona kumanda. Madzi akatayika saoleka. Pa zochita za munthu, zimene zingabwezedwe zimalola kuyesa ndi kulakwa, pamene zosabwezeka zimafuna kuti umboni uyambe wafika dzanja lisanatambasuke. Kulemera kwa umboni wofunikawo kuyenera kulingana ndi kutalika kwa nthawi imene cholakwa chingakhale.

Apa mpamene funso la mwini nthaka limalowera. Pa mwambo wa Achewa munda sukhala wa munthu mmodzi monga momwe njinga kapena malaya zimakhalira zake. Mfumu imagawa malo, mbumba imawasunga, ndipo wolima lero adawalandira kwa amene adatsogola kuti adzawasiyire obwera m'mbuyo. Eni ake ambiri a munda uliwonse sadabadwe. Iwo sangafike pabwalo kudzadandaula ndipo sangakane chimene chikuthiridwa mumzere umene adzadyeremo. Munthu wobwereka mphika wa mnzake amauphikira mosamala kuposa wake, chifukwa akudziwa kuti adzayankha pobweza. Wolima munda ndi wobwereka wotere, kungoti amene adzamufunse sadzamupeza ali moyo. Khalidwe la munthu limayesedwa kwenikweni pamalo ngati amenewa, pamene wolakwiridwa alibe mawu ndipo wolakwa sadzaona chilango.

Udindo umenewu ukukula chifukwa nthaka yachonde ndi yochepa ndipo imapangika mochedwa. Sentimita imodzi ya dothi la pamwamba imatenga zaka mazana kuti ipangike. Kafukufuku amene bungwe la FAO ndi anzake adachita m'Malaŵi adapeza kuti m'chaka cha 2014 hekitala iliyonse inkataya matani pafupifupi 29 a dothi lokokoloka ndi madzi. Nthaka yodwala chonchi imakopa ogulitsa mankhwala amitundumitundu, monga momwe nyumba ya wodwala imakopera asing'anga oona ndi onyenga omwe. Mlimi wosauka, amene chimanga chake chikufota, ndiye amafulumira kulandira thumba laulere, ndipo ndi yemweyo amene alibe ndalama zopimitsira dothi lake kapena munda wina wothawirako zinthu zikalakwika. Pamene omwa zakumwa ali m'tauni ndipo olandira zotsalira zake ali kumudzi, chilungamo chimafuna kuti wopera galasi ndi wogulitsa ndiwo asenze mtolo wotsimikiza kuti katundu wawo ndi wabwino. Kusiyira mlimi kuti adzionere yekha ndi kumusenzetsa katundu wa eni.

Pali funso linanso limene liyenera kufunsidwa makina opera asanalizidwe: kodi botololi lidathadi ntchito? Anthu a kuno adazolowera kale mwambo wabwino wobweza mabotolo a zakumwa kugolosale, kumene amatengedwa kupita kufakitale kukatsukidwa ndi kudzazidwanso kambirimbiri. M'midzi botolo limasunga mafuta ophikira, uchi, mchere ndi mbewu za chaka chamawa, ndipo lina limasanduka nyali ya koloboyi. Botolo lathunthu lili ndi mphamvu yonse ya moto wa madigiri 1,500 uja, ndipo kuliphwanya likadali lamoyo ndi kutaya moto umenewo. Likasweka lokha, ulemu wake wachiwiri ndi kubwerera kung'anjo, chifukwa galasi limasungunulidwa mobwerezabwereza osatsika mtengo, ndipo gawo limodzi mwa magawo khumi la magalasi osweka likalowa m'ng'anjo, moto wofunika umachepa ndi magawo awiri kapena atatu pa zana lililonse.

Komabe si galasi lonse limene lingafike kung'anjo. Galasi ndi lolemera, ndipo ng'anjo zikuluzikulu zodziwika m'chigawo chino cha Africa zili kutali, monga ku Dar es Salaam ndi ku South Africa, kotero kuti mtengo wa ulendo ukhoza kuposa mtengo wa katundu. Magalasi obiriwira, ofiirira ndi oyera akasakanikirana sangapangenso botolo loyera, ndipo tizidutswa tating'ono kwambiri timakanidwa. Galasi lotere ndilo loyenera kuganiziridwa za mchenga. Ngakhale pamenepo munda si khomo lokhalo lotseguka, pakuti mchenga wa galasi umagwiranso ntchito m'misewu, m'zosefera madzi ndi m'matumba otchingira madzi osefukira. Nthaka yolimapo iyenera kukhala pamapeto a mndandanda umenewu, ndipo ilandire galasi pokhapokha ngati iyo ikupindula.

Wina akhoza kutsutsa kuti kusamala kotere n'kumene kumapha nzeru zatsopano. Akhoza kunena kuti chimanga chenichenicho chidali mlendo wochokera ku America, kuti feteleza ndi mbewu za haibulidi zidakayikiridwa pofika, ndipo kuti mtundu woopa chilichonse chachilendo umafa ndi njala nkhokwe ya nzeru ili pakhomo. Mawu amenewa ali ndi choona. Mantha nawonso ndi cholakwa pamene aletsa chinthu chimene chikadapulumutsa mbewu m'chilala. Kukana galasi chifukwa chongoti dzina lake likukumbutsa bala la kuphazi ndi ulesi wa maganizo wofanana ndi kulilandira chifukwa chongoti lachokera kunja. Ndiponso kusachita kanthu kuli ndi mtengo wake: mabotolo osaperedwa sasowa, amangosweka m'ngalande ndi m'mabwalo osewerera ana, ndipo mitsinje ikupitirira kukumbidwa.

Yankho la mtsutso umenewu likupezeka m'machitidwe a ofufuza aja. A ku Texas adayambira m'miphika, ndipo adaika miphika ya dothi lokhalokha pambali kuti akhale ndi poyerekezera. A ku Morocco adayambira pa minda yoyeserera, akuyeza madzi olowa ndi zipatso zotuluka. Pakati pa kukana ndi kuthamanga pali njira ya kuyesa pang'ono, pamalo pamene cholakwa chingakhuthulidwe: m'machubu a nazale, m'miphika ya maluwa, m'kabedi kamodzi kotchingidwa bwino. Sukulu imene ili ndi dimba ikhoza kuphunzitsa zambiri ndi miphika khumi ndi kope lolembamo kuposa ndi nkhani zokoma za m'nyuzipepala, malinga mchengawo ukhale wochokera kwa opera odziwa ntchito yawo. Kusinja mabotolo mumtondo kapena ndi mwala kumangobala timipeni tosaoneka ndi fumbi lolasa maso. Kuona maso a nkhono n'kudekha, ndipo munthu wodekhayo amakhala akuyang'anitsitsa nthawi yonseyo.

Tsono yankho la funso lija likudalira mafunso ena amene wothira galasi ayenera kuyankha moona. Kodi dothi ili likusowadi chimene galasi lingapereke? Kodi galasili lasankhidwa, latsukidwa, labunthitsidwa ndi kupimidwa ndi munthu amene angavomere kudya ndiwo zolimidwa pamenepo? Kodi lidayesedwa padothi lofanana ndi limeneli kwa nyengo zokwanira? Nanga zinthu zikalakwika, adzalipire ndani? Amene angayankhe mafunsowa mosabisa akuchita ntchito yolemekezeka, pakuti watenga chinthu chovulaza n'kuchisandutsa chothandiza ndi thukuta lake. Amene akuwazemba akutaya zinyalala, ngakhale thumba lake litalembedwa mawu okoma chotani.

Dzala la makolo linkabereka maungu chifukwa zotayidwamo zinali zoti nthaka ingathe kuzigaya, ndipo ntchito yonse yozisandutsa chonde inkagwiridwa ndi chiswe, nyongolotsi ndi mvula. Mbadwo uno wapanga zinthu zimene antchito amenewa sangazithe. Choncho ntchito imene kale inkagwiridwa ndi nthaka yagwera munthu: iye ndiye ayenera kusankha, kupera, kuyesa ndi kudikira. Ngati sangathe kuigwira mokhulupirika, kuli bwino botolo losweka likhale pamalo oonekera, pamene aliyense akulidziwa kuti ndi botolo losweka, kusiyana ndi kulibisa mumzere umene mwana wosabadwa adzalimemo ndi manja ake.